Kuthamanga Sikufika: Mbiri ya Maulendo a m'Chigwa cha Shire

Misewu yoipa kuposa wa M1 wochoka ku Blantyre kupita ku Nsanje ilipo m'Malawi muno, koma ndi yochepa imene imayesa galimoto mbali zonse pa ulendo umodzi. Blantyre ali pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pamene palekeza nyanja yamchere. Ukamafika pa mlatho wa Kamuzu ku Chikwawa, utayenda makilomita pafupifupi 50, umakhala utatsika pafupifupi mtunda wonsewo. Potsika amapsa ndi mabuleki, pokwera imawira ndi radiyeta. M'chigwamo dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40. Ukapatuka pa phula cha ku Ngabu mvula itagwa, dothi lakuda la makande limagwira matayala osafuna kusiya. Mitsinje ya Mwanza, Nkombedzi wa Fodya, Lalanje ndi Thangadzi imagona mchenga wokhawokha chilimwe chonse, koma mvula ikagwa kumapiri imadzaza usiku umodzi.

Anthu ochita mipikisano ya galimoto ya mtunda wautali amataya ndalama ndi tulo pa funso limodzi: ndi galimoto iti imene ikafike kumathero? Kwa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje funsoli ndi lakale kuposa galimoto yeniyeniyo. Kwa zaka zoposa 160 chigwachi chakhala chikulandira zoyendera zobwera ndi mbiri, n'kumazisefa. Zimene zapirira sizinakhale zaliwiro kapena zamphamvu kuposa zinzake. Zakhala zopepuka, zosavuta kuzimvetsa, ndi zotheka kukonzedwa pamalo pomwe zafera.

MTSINJE USANALANDIDWE UDINDO

Msewu woyamba wa chigwachi unali Shire. Amang'anja ankayenda pa mabwato osema, kunyamula mchere, makasu ndi nsalu za thonje lolima okha. Bwato limayandama pa madzi ofika m'mawondo, likatsakamira pamchenga anthu awiri amalikankha, likang'ambika amalimata.

Mu Januwale 1859 David Livingstone analowa mu Shire pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ma Robert. Anadutsa kwa Tengani, n'kukwera mpaka dera la mfumu Chibisa, kufupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero, ndipo mathithi a Kapichira anamutsekera njira. Sitimayo inapangidwa ku Birkenhead ndi chitsulo chamtundu watsopano, chopyapyala, chimene chinali chisanayesedwe mokwanira. M'madzi a Zambezi ndi Shire chinachita dzimbiri n'kuyamba kubooka. Injini yake inkadya nkhuni zambiri kotero kuti anthu ankatha nthawi yaitali akutema mitengo kuposa imene ankayenda. Mu Disembala 1860 inamira mu Zambezi.

Yolowa m'malo mwake, Pioneer, inali yolimba ndithu, koma yolemera. Inkafuna madzi akuya, pamene Shire wakumunsi ndi wa mchenga woyendayenda. Mu 1861 inatsakamira kwa masabata angapo, anthu ake akudwala malungo. Yachitatu, Lady Nyassa, inapangidwa m'zidutswa kuti inyamulidwe kulambalala mathithi, koma boma la Britain linaitanitsa Livingstone mu 1863 msewu wake usanathe, ndipo sitimayo siinaione nyanja ya Malawi. Inakathera ku Bombay mu 1864.

Imene inafika ndi Ilala, ya amishoni a Livingstonia, mu 1875. Inali yaing'ono, yomangidwa ndi mabawuti. E. D. Young ndi Robert Laws atafika kumunsi kwa mathithi anaimasula yonse, ndipo mafumu a Amakololo, anthu amene Livingstone anawasiya m'chigwachi, anasonkhanitsa amuna mazanamazana amene anasenza zitsulozo pamutu kudutsa m'miyala mpaka kumtunda kwa mathithi. Anaimanganso, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho inalowa m'nyanja. Mayina a mafumu amenewo, monga Kasisi, Katunga ndi Maseya, akadali maufumu a ku Chikwawa. Sitima zinayi, phunziro limodzi: yatsopano kwambiri inaola, yolemera inatsakamira, yochedwa inapitidwa ndi nthawi, yotheka kumasula ndi sipanala inafika.

MITU YA ANTHU NDI MSEWU WA SCLATER

Kampani ya African Lakes, imene anthu anaizolowera kuti Mandala, itayamba mu 1878, doko la Katunga linasanduka khomo la dziko. Katundu yense wopita ku Blantyre ankatsika sitima pamenepo n'kukwera mapiri pa mitu ya amtengatenga, munthu aliyense mtolo wa makilogalamu pafupifupi 25. Azungu ankakwera m'machila. Msonkho wa nyumba utayamba m'zaka za m'ma 1890, amuna ambiri ankasenza mitolo kuti apeze ya msonkho, ndipo nthawi zina ankasiya minda yawo ikulira khasu. Tikamakamba za zoyendera zodalirika za nthawi imeneyo tisaiwale kuti chodalirikacho chinali khosi la munthu, ndipo mtengo wake unali wowawa.

Harry Johnston atakhazikitsa ulamuliro wa Britain mu 1891 anabwera ndi msilikali wodziwa zomangamanga, Bertram Sclater, amene analambula msewu woti ngolo zizidutsa kuchoka ku Chikwawa kukwera ku Blantyre mpaka ku Zomba. Atamaliza kuno anatumizidwa ku East Africa, kumene anamanga msewu wina kuchoka ku Kibwezi kulowera kumalire a Uganda, umene mpaka lero mabuku a mbiri ya Kenya amautchula ndi dzina lake. Motero munthu mmodzi anatsegula njira ya mapiri a Chikwawa ndi njira ya dziko limene pambuyo pake linadzakhala bwalo la mpikisano wa galimoto wovuta kwambiri mu Africa.

Shire sanachedwe kusonyeza kuti si wodalirika. Madzi ake anayamba kuchepa, sitima zinaleka kufika kwa Katunga, doko linatsikira ku Chiromo, kenako ku Port Herald, imene ndi Nsanje ya lero. Njanji ndiyo inabwera kudzapulumutsa malonda. Ya pakati pa Port Herald ndi Blantyre inatsegulidwa mu 1908, inatalikitsidwa mpaka ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915, ndipo mlatho wa Dona Ana, wotalika makilomita oposa atatu ndi theka, unalumikiza dziko lino ndi Beira mu 1935. Njanjiyi inakwera mapiri kudzera ku Chiromo ndi m'mbali mwa Ruo, n'kusiya Chikwawa pambali. Kwa zaka zambiri Nsanje inali ya sitima, pamene Chikwawa inatsala ndi msewu wa fumbi ndi pantoni yowolotsa pa Shire.

SUKULU YA SAFARI

Mu 1953, pokondwerera kuvekedwa ufumu kwa Mfumukazi Elizabeth II, okonda galimoto ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika anayambitsa mpikisano umene unadzatchuka kuti Safari Rally. Unkachitika pa Pasaka, mvula yaikulu ya kumeneko itayamba, pa misewu wamba ya fumbi ndi matope, mtunda wa makilomita pafupifupi 5,000, usana ndi usiku. Njira zake sizinatsikire ku Shire, koma zimene unkayesa ndi zomwezo zimene dalaivala wa ku Ngabu amazidziwa: dothi lakuda lomata, mitsinje yodzaza mwadzidzidzi, zitunda zowiritsa injini, ndi mabampu omasula bawuti iliyonse.

M'zaka zoyamba inkachita bwino ndi Volkswagen Beetle, kagalimoto kopanda radiyeta, kozizira ndi mphepo, kopepuka, injini yake ili kumbuyo pamwamba pa matayala okoka. Mu 1963 mvula inavuta kwambiri: pa galimoto 84 zimene zinanyamuka, 7 zokha ndizo zinamaliza, ndipo patsogolo panali Peugeot 404 ya Nick Nowicki. Bert Shankland wa ku Tanzania anapambananso ndi 404 mu 1966 ndi 1967, Nowicki n'kubwereza mu 1968, chaka chinanso chimene zinamaliza 7 zokha. Peugeot imeneyi sinali yothamanga kuposa zinzake. Inali ndi masipuling'i otha kumeza maenje, thupi losagwedera msanga, ndi injini imene makaniko aliyense ankatha kuitsegula.

Nkhani ya 1965 ndiyo yoyenera kuisunga. Joginder Singh wa ku Kenya ndi m'bale wake Jaswant anagula Volvo PV544 yogwiritsidwa kale ntchito, imene inali itathamangapo m'mipikisano, anaikonza okha, ndipo anagonjetsa magulu a makampani akuluakulu. Ankaidziwa galimoto yawo bawuti ndi bawuti. Joginder anadzapambananso mu 1974 ndi 1976 pa Mitsubishi Lancer, kagalimoto ka injini yaing'ono. Panatenga mpaka 1972 kuti dalaivala wochokera kunja kwa East Africa, Hannu Mikkola pa Ford Escort, apambane mpikisanowu. Kwa zaka pafupifupi 20 akatswiri a ku Ulaya ankagonja kwa anthu odziwa nthawi yochepetsa moto.

Kenako anabwera a ku Japan. Datsun inapambana mu 1970, 1971 ndi 1973, ndipo Shekhar Mehta, wobadwira ku Uganda, anatenga chikho kasanu, kanayi motsatizana kuyambira 1979 mpaka 1982. Peugeot 504 inapambana mu 1975 ndi 1978. Porsche 911 ndi Lancia Stratos, zoopedwa pa misewu ya ku Ulaya, zinayesa kangapo koma sizinapambanepo Safari. Mu 1984 Toyota Celica yokoka ndi matayala akumbuyo okha inagonjetsa Audi Quattro yokoka ndi onse anayi, ndipo Toyota inabwereza mu 1985 ndi 1986. Kwa anansi athu a ku Zambia, Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yense kasanu ndi katatu pa misewu ya mtundu womwewu.

Okonza galimoto za Safari ankayamba ndi zinthu zosaoneka pa chithunzi. Ankaika chitsulo chochindikala pansi pa injini kuti mwala usaboole, kukweza galimoto, kulimbitsa masipuling'i ndi mashoko, kukulitsa radiyeta, ndi kukweza paipi yopumira injini kuti isamwe madzi powoloka. Mphamvu za injini zinkabwera pomaliza, ndipo nthawi zina ankazichepetsa dala kuti injini ikhalitse.

ZOPAMBANA KU SAFARI ZITSIKIRA KUCHIGWA

Makampani ankalowa mpikisanowu kuti agulitse galimoto mu Africa, ndipo zinawayendera. Mayina amene ankapambana ku Nairobi ndi omwewo amene anadzadza misewu ya Malawi: Peugeot, Datsun, kenako Toyota. Peugeot 404 inapitiriza kumangidwa ku Kenya mpaka 1991, ndipo 504 inamangidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000, ku France atayileka kalekale.

Nthawi yomweyo chigwa cha Shire chinali chikusintha. Kampani ya Lonrho inatsegula munda wa nzimbe ndi fakitale ya SUCOMA ku Nchalo, imene inayamba kupanga shuga mu 1966 ndipo inadzakhala ya Illovo mu 1997. Thonje la ku Ngabu ndi madera ozungulira linkagulidwa m'misika ya ADMARC, imene inakhazikitsidwa mu 1971. Shuga, thonje ndi ng'ombe zinafuna msewu weniweni, ndipo phula ndi mlatho wa Kamuzu zinathetsa nthawi ya pantoni. Malole a Bedford ankabuula pa zitunda za Thabwa atasenza mabelo. Mabasi a UTM, amene mu 1989 anagulidwa ndi Stagecoach, ankatsikira kuchigwa. Ogwira ntchito zaboma, zaulimi ndi zachipatala ankayenda pa Land Rover. Kumene basi sinkafika, anthu ankakwera matola, ndipo matola ambiri anali mapikapu a Peugeot ndi Datsun, pambuyo pake Toyota Hilux.

Mwini matola sankawerenga za Shekhar Mehta kuti asankhe galimoto. Mpikisano wake unali wa tsiku lililonse, wopanda chikho, wopanda gulu la amakaniko lomudikira kutsogolo. Kumbuyo kunali matumba a chimanga, mbuzi, njinga ndi anthu okhala m'mphepete. Akamagula galimoto ankagwada kuona kutalika kwake kuchokera pansi, kuwerenga masipuling'i akumbuyo, kutsegula boneti kuona ngati dzanja lingalowe paliponse, ndipo funso lake lomaliza linali lakuti, "Zida zake zimapezeka ku Limbe?" Galimoto yokhala ndi kabuleta inkakonzedwa pansi pa mtengo wa msangu. Fanibeluti ikaduka, chingwe chinkafikitsa anthu pa Nchalo. Batire ikafooka, okwera ankatsika n'kukankha.

Nkhondo ya ku Mozambique inawonjezera katundu pa msewu umenewu. M'zaka za m'ma 1980 njira ya njanji yopita ku Beira inatsekeka, mlatho wa Dona Ana unaphwanyidwa, ndipo Malawi analandira othawa nkhondo oposa miliyoni imodzi. Nsanje inali pakati pa maboma amene analandira ochuluka zedi, m'misasa monga ya Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Chakudya chawo chinkabwera pa malole, ndipo mabungwe othandiza anadzaza chigwachi ndi Toyota Land Cruiser zoyera. Kuyambira pamenepo galimoto imeneyi inalanda malo a Land Rover pa ntchito zakutchire, mpaka ambulansi zambiri za m'maboma zinakhala za mtundu umenewu. Nkhondo inatha mu 1992, koma sitima ya ku Beira sinabwerere msanga, ndipo phula linapitiriza kuthera pa Bangula mpaka m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, amene mu Okutobala 2010 anatsegula doko la Nsanje pofuna kubwezera Shire udindo wake wakale. Dokolo silinagwire ntchito imene analimangira.

MADZI NDIWO WOWERUZA

Walira mvula walira matope, ndipo chigwachi chimalandira madzi a mvula imene yagwa kwina, ku Mwanza, Thyolo, Mulanje ndi Blantyre. Mu 1997 madzi anakokolola mtunda wonyamula njanji ndi msewu pakati pa Bangula ndi Chiromo, pamalo otchedwa Mtayamoyo. Kuyambira pamenepo sitima yochoka ku Limbe inkathera ku Makhanga, ndipo anthu a tsidya la kum'mawa, ku Muona, Fatima ndi Makhanga, anayamba kuwoloka pa mabwato kuti akafike ku boma lawo. Wa galimoto amayenera kuzungulira mtunda wautali kudzera pa Thabwa.

Mu Januwale 2015 Ruo anasintha njira, Makhanga inasanduka chilumba, ndipo thandizo linkafika pa ndege ndi mabwato. Namondwe wa Idai anabwera mu Malichi 2019. Wa Ana, mu Januwale 2022, anadula msewu wa M1 ku Chikwawa n'kuwononga damu la Kapichira, dziko lonse n'kutaya magetsi pafupifupi mamegawati 130. Freddy anatsatira mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi malole ndi galimoto zamphamvu zinkaima pamzere pamene msewu wadukira, ndipo katundu ankawoloka pa bwato ndi pamutu, n'kupitirira pa njinga ya kabaza kapena ngolo ya ng'ombe. Njinga yamoto inapambana kumene Land Cruiser inalephera pa chifukwa chimene Ilala inapambanira Pioneer: amuna anayi amatha kuinyamula.

Apa mbiri ya chigwachi ikuwonjezera mfundo imene mipikisano simaitchula kawirikawiri. Palibe galimoto yodalirika payokha. Kudalirika kumagawidwa patatu: chitsulo, msewu, ndi munthu amene wagwira chiwongolero. Dalaivala wozolowera mapiri a Chikwawa amatsika pa giya yapansi, injini ikugwira galimoto, phazi likungogusa buleki. Wachilendo amaponda buleki kuyambira pamwamba, ndipo akamafika pa makona akumunsi mabuleki amakhala atatentha, osagwiranso. Wozolowera akafika pa mtsinje wodzaza amazimitsa injini n'kudikira, podziwa kuti madzi a Mwanza amatsika monga anakwerera. Madalaivala a East Africa ankagonjetsa alendo ndi nzeru yomweyi.

KUSANKHA LERO

Misewu ya chigwachi tsopano yadzaza ndi galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zochokera ku Japan, zolowera pa madoko a Dar es Salaam, Beira ndi Durban. Minibasi za Hiace zimapita ku Nsanje, ndipo Sienta ndi Probox zimanyamula anthu pakati pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Zimamwa mafuta pang'ono ndipo injini zake zimakhalitsa kuposa za kale, koma zinapangidwira misewu yosalala ndi katundu wopepuka. N'chifukwa chake eni ake amathamangira kuzikweza ndi kusintha masipuling'i, zomwe okonza galimoto za Safari ankayamba nazo zaka 60 zapitazo. Vuto latsopano ndi lakuti zambiri zimayendetsedwa ndi kompyuta. Madzi akalowa mu waya, sipanala ndi khutu la makaniko sizikwanira, pamafunika makina oyezera, ndipo galimoto imagona pa msewu kudikira munthu wochokera ku Blantyre.

Nayonso Safari Rally, imene inachoka pa mndandanda wa mipikisano ya dziko lonse pambuyo pa 2002 n'kubwerera mu 2021, ndi yaifupi tsopano, ndipo galimoto zake zimasamalidwa ndi magulu a akatswiri okhala ndi zida zonse. Amene akufuna kuyenda mtunda wautali popanda gulu lotere, kaya pa mpikisano kaya pa ulendo wake, angaphunzire zambiri kwa mwini matola wa ku Ngabu kuposa kwa ngwazi za lero. Asankhe galimoto imene mtundu wake ndi wochuluka m'dera limene akupita, chifukwa kumene kuli zinzake kuli zida ndi amakaniko ake. Asankhe yakale pang'ono imene matenda ake anadziwika kale, osati yatsopano imene akayambe ndi iye kuiyesa. Ndalama aike pa radiyeta, mabuleki, matayala ndi masipuling'i asanaganize za liwiro. Asaisenzetse katundu wa mantha, chifukwa kulemera ndiko kumathyola zitsulo ndi kuzika matayala m'makande. Ndipo asananyamuke aimasule ndi kuimanga yekha mbali zimene angathe, monga anachitira Joginder ndi Jaswant Singh, kuti tsiku limene idzafere pakati pa Sorgin ndi Bangula adzadziwe poyambira.

Boma nalo lili ndi gawo lake, pakuti galimoto yolimba ndi msonkho umene anthu amalipira chifukwa cha msewu wofooka. Malinga ngati milatho ya M1 ikumangidwa mongoyembekezera madzi a chaka wamba, ndipo tsidya la kum'mawa likudalira bwato la pa Mtayamoyo, mayi woyembekezera wa ku Makhanga ndi mlimi wa thonje wa ku Ngabu adzapitiriza kuchita mpikisano umene sanalembetse.